Ndinagawira Mpingo Kamba wa Alendo a ku Japan

Pali zinthu zina zimene munthu ukachita umadzitonthoza kuti pakapita miyezi udzaziseka. Ineyo miyezi yapita, anthu onse akuseka, koma kwa ine kusekako kumangothera pakhosi. Ndingokuuzani basi, mwina mtima upepukako (ngakhale ndikukayika).

Ndimakhala ku Springburn, dera la mumzinda wa Glasgow ku Scotland, m'nyumba za khonsolo, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Mwana ndili naye mmodzi, Tadala. Anakulira konkuno, moti ukamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi cha ku Glasgow chija chomveka ngati munthu akuchukucha m'kamwa. Atamaliza yunivesite anapita ku Japan kukaphunzitsa ana Chingerezi (ana amenewo akuyankhula bwanji lero, akudziwa ndi Mulungu). Ali komweko anadwala chibayo. Ine ndili kuno, tikiti sindikanaikwanitsa, ndinkangolira pa foni. Amene anamutola ndi eni nyumba imene ankachita lendi, banja lachikulire, a Hiroshi ndi mayi Keiko. Anamuthamangitsira kuchipatala, atatuluka anamugoneka m'nyumba mwawo, mayi Keiko n'kumamumwetsa msuzi ndi sipuni ngati khanda. Ndinalumbira kuti anthu amenewa tsiku limene adzaponde pakhomo panga adzadziwa kuti Amalawi timathokoza.

Tadala atabwerera anapeza ntchito ku Aberdeen. Tsiku lina anandiimbira kuti anthu aja akufuna kubwera ku Scotland pa tchuthi chawo chachikulu cha kumayambiriro kwa Meyi. Mayi Keiko kuyambira ali mtsikana ankalakalaka kuona chilumba china cha kumpoto, cha mapiri ndi nkhosa, chimene anachiona pa kalendala ku ntchito kwawo. Ulendowu anali ataulepheretsa kangapo.

"Mum, yen yagwa," anatero Tadala. "Ndalama yawo akaisintha kukhala mapaundi imatsala pang'ono. Zinthu kwawoko zakweranso, ngakhale mpunga. Hotela ya mu Glasgow sangaikwanitse. Can they stay at yours?"

Ndinaseka mpaka kukhala pansi.

"Iwe mwana, usandiphunzitse ine za ndalama kugwa. Ndine Mmalawi. Kwacha ikagwa phokoso lake timalimva mpaka kuno. Koma Japan? Galimoto zonse zimene zikupanikizana mu Lilongwe zinachokera kwawo, ndiye zimenezo ndi zotaya!"

"Mum, I'm serious."

"Inenso ndili siriyasi. Abwere, chipinda chako chilipo."

M'mutu mwanga, ndalama ya anthu olemera ikagwa ndi ngati munthu wapunthwa pa kapeti: amadzuka, kusasa bondo, n'kupitiriza kumwa tiyi. Ndiye Lamulungu lotsatira, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira mu tchalitchi n'kuuza mpingo wonse kuti kwanga kukubwera alendo a ku Japan. Sindinanene kuti ndi olemera. Ndinangokhosomola pang'ono nditatchula dzina la dzikolo, anthu anamva okha.

Anafika Lachisanu, Tadala asanapeze mpata wochoka ku ntchito. Ndinaima pa windo kudikira takisi, ndipo mumtima ndinkafuna ikhale yaikulu yakuda ija kuti aneba aone. Takisi sinabwere. Ndinangoona anthu awiri aang'onoang'ono, a imvi, akuchokera pa siteji ya basi mvula ikuwawaza, aliyense kachikwama kumsana, akuthandizana kukoka sutikesi imodzi yaikulu ngati bokosi la maliro. Ndinati m'mtima, taonani kudzichepetsa kwa anthu a ndalama.

Tinapatsana moni pakhomo. Iwo kuwerama, ine kunyonyomala n'kuomba m'manja, iwo kuweramanso, mpaka tonse kunyowa. A Hiroshi ankadziwa Chingerezi pang'ono. Mayi Keiko ankalemba pa foni, foniyo n'kumamasulira. Atakhala pansi anandipatsa kabokosi kokulungidwa bwino ndi pepala la maluwa, ka maswiti. Ndinathokoza. Kenako a Hiroshi anagoneka sutikesi ija pansi n'kuitsekula.

Abale anga, munali chakudya chokhachokha. Timapaketi ta mpunga wophika kale, tizikapu ta supageti wawo wongothira madzi otentha uja ana amati ma noodles, timapepala ta msuzi wa ufa, nsomba za m'zitini, tiyi, timasamba takuda touma, ndi timatumba tasiliva tofewa tambirimbiri tondanda bwino pakona pake. Zonse zoyalidwa mwadongosolo, zina zomangidwa ndi timalabala m'timagulu.

A Hiroshi analoza chakudyacho, n'kuloza ku khitchini.

"Kitchen? OK?"

Tsopano mundiuze inuyo. Mlendo wafika pakhomo panu, watsekula katundu, muli chakudya, akuloza ku khitchini kwanu. Kwathu ku Ntcheu zimenezi zimatanthauza chiyani? Azakhali akabwera ndi thumba la mbatata ndi nkhuku yomanga miyendo, mumawafunsa kuti kodi nkhukuyi mubwerera nayo? Ndinagwetsa misozi. Anthu anandisamalira mwana, ndiye abweranso ndi sutikesi yathunthu ya mphatso! Kabokosi ka maswiti kaja ndinangoti kanali kotsekulira njira.

"Thank you, thank you," ndinatero, ndikukokera sutikesi ku khitchini.

"Thank you, thank you," anateronso iwo.

Aliyense ankathokoza zake.

Ndinamasula timalabala tonse tija (tinkandisokoneza poika m'kabati) n'kusanja zinthu monga ndimasanjira zanga, zofanana pamodzi.

Loweruka m'mawa ndinapeza mayi Keiko ali m'khitchini akutenthetsa kathumba kasiliva kamodzi m'madzi. Ndinadabwa pang'ono kuti munthu wapereka mphatso dzulo, lero wayamba kuidya yekha, koma ndinati mwina ndi mwambo wawo. Ndinawalanda poto n'kuwabweza pa mpando. Mlendo wanga sangadye zamadzimadzi za m'thumba ine ndili moyo. Ndinakazinga mazira, masoseji ndi mbatatesi. A Hiroshi anangosuntha soseji kuchoka mbali ina ya mbale kupita mbali ina, n'kumwa tiyi. Tsiku lonselo anakayenda wapansi m'tauni, kuona nyumba zosungira zinthu zakale, zolowa ulere zija. Pobwera anayendanso wapansi. Ndinati anthu olemera amakonda kulimbitsa thupi.

Lamulungu iwo analawirira kukayendanso, ine ndinapita ku tchalitchi. Sindinawauze kuti ndawakonzera phwando lowalandira, ndinkafuna adzidzimuke (anadzidzimukadi). Titaweruka, amayi a mpingo anadzadza m'khitchini mwanga, akutsogoleredwa ndi mayi Chirwa a ku Govanhill, amene sangalowe m'khitchini ya munthu osatsekula kabati iliyonse.

"Amake Tadala, zonsezi n'chiyani?"

"Mphatso za alendo anga," ndinayankha ndikuyang'ana kudenga ngati si nkhani.

"Zonsezi? Eee, koma anthu ali ndi ndalama. Ndiye mudya nokha?"

Funso limenelo ndi limene linandipha. Ndikanadya bwanji ndekha? Ndiponso njira yabwino yolemekezera mlendo ndi iti, kuposa kumuonetsa kuti mphatso yake yafikira mudzi wonse?

Tinatsekula tizikapu tonse ta ma noodles n'kukhuthulira mu poto wamkulu wa pa zikwati, tinathiramo tomato, anyezi ndi masamba aja azungu amati kale. Mpunga wa m'mapaketi tinaukazinga ndi mazira. Nsomba za m'zitini zinalowa mu supu. Timasamba takuda tija tinakanganapo. Mayi Chirwa ananunkhiza, analawa, n'kugamula kuti ndi mfutso wa ku Japan, choncho tinautendera ndi nsinjiro. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti ndi ndere za m'nyanja, ndipo amadya zouma chomwecho. Zinasungunuka n'kukhala ngati phula la pa msewu, koma anthu anadya.) Timatumba tasiliva tinatsekula kamodzi kokha. Munali phala la mpunga lopanda mchere, lopanda shuga, lopanda chilichonse. Tinagwirizana kuti zimenezi si za paphwando, anthu angotenga akakonze okha kunyumba.

Alendo anga atatsekula chitseko madzulo ake anapeza nyumba yadzaza mpaka m'khonde, amayi akuimba nyimbo yowalandira, ana akuthamanga ndi tizikapu topanda kanthu atavala kumutu ngati zipewa. Mayi Keiko anayang'ana tizikapu tija. Anayang'ana poto. Anayang'ana amuna awo. Kenako anawerama kwambiri n'kumwetulira, ndipo kumwetulira kumeneko sikunasunthe mpaka phwando kutha.

Ndinawakhazika pa mipando yapamwamba n'kuyankhula. Ndinafotokoza za Tadala ndi chibayo chake, anthu anati "Ameni". Ndinati anthu awa sanabwere chimanjamanja, chakudya chonse mukudyachi achinyamula kuchokera kwawo chifukwa cha ife. Nthungululu zinalira. A Hiroshi anamva mawu ochepa, koma poto ankamuona, ndipo nkhope yawo inayera ngati ufa. Ine ndinati agwidwa ndi chisoni cha chimwemwe. Ndinawaunjikira mbale. Anaigwira pa maondo ngati mwana wa eni ake.

Abambo Mwale, mkulu wa mpingo, anaona kuti mpata ndi womwewu. Anakokera a Hiroshi pambali n'kuwaonetsa pa foni zithunzi za tchalitchi cha kumudzi kwawo chimene denga lake linasasuka ndi mphepo.

"Very sorry," anatero a Hiroshi, akuwerama.

"Avomera," abambo Mwale anandinong'oneza. "Anthu a ndalama sayankha pagulu."

Pobalalika, ndinaima pakhomo ndi majumbo. Zonse zotsala m'kabati ndinagawa: timatumba ta phala, msuzi wa ufa, tiyi. Ana a yunivesite amene amachita lendi ku Gorbals ndinawaunjikira kwambiri, poti ndimawadziwa, amagona ndi buledi. Mayi Keiko nthawi imeneyo anali ku bafa, ndipo anakhalitsako. Ndinagona mtima uli mbee, ndikudziuza kuti ngongole ya mwana wanga ndayamba kuibweza.

Lolemba ndi tsiku limene ankanyamuka kupita kumpoto, pa basi ya masana. Nditalowa m'khitchini ndinapeza mayi Keiko ataima, makabati onse ali pululu, m'kati muli shuga wanga, mchere ndi botolo la mafuta. Sutikesi ija anali ataitsekula pansi, yopanda kanthu, kudikira. Analemba pa foni nthawi yaitali, kufufuta, kulembanso, kenako anandipatsa ndi manja awiri. Foniyo inati: "Pepani kwambiri posokoneza m'mawa wanu wokongola. Phala la mwamuna wanga lasamukira kuti?"

Ndinawerenga kawiri. Mutu unkakanabe. Ndinaimbira Tadala pa vidiyo n'kupereka foni. Anayankhulana m'Chijapani, mayi Keiko motsitsa mawu, akuwerama kwa foni. Kenako anandibwezera foni.

"Mum," anatero Tadala. "Mum, what did you do?"

"Ndagawa mphatso. Ndalakwa?"

"Sizinali mphatso! Mphatso yanu inali maswiti aja! Chinali chakudya chawo cha ulendo wonse. Anangopempha malo osungira. Kudya mu lesitilanti kuno sangakwanitse, ndinakuuzani za yen!"

Tadala akapsa mtima Chichewa chimabwerera chonse, ndipo tsiku limenelo chinabwera ndi cha agogo ake chomwe. Anandiuza kuti mayi Keiko anakhala miyezi akugula zinthuzo pang'onopang'ono, akaona zatsika mtengo. Timalabala tija tinali kulekanitsa chakudya cha tsiku lililonse. Malo ogona kumpotoko anasankha otchipa, okhala ndi khitchini, kuti azingotenthetsa. Ndipo choopsa kwambiri, a Hiroshi anachitidwa opaleshoni ya m'mimba chaka chatha, anawadula mbali ina ya chifu. Zamafuta sadya. Timatumba tasiliva tija ndiye chinali chakudya chawo chenicheni.

"Nanga bwanji sananene dzulo?" ndinafunsa.

"Anene bwanji? Pamaso pa mpingo wonse, inu mukuimba? Ankaganiza kuti phala lokha mwalisiya."

Ndinavala jekete pamwamba pa chitenje n'kuthamangira basi. Simunachitepo manyazi ngati simunayendepo khomo ndi khomo kulanda mphatso zimene munagawa dzulo ndi nthungululu. Ndinayambira ku Govanhill. Mayi Chirwa ananditsekulira akupukuta m'manja.

"Phala lija? Iii, amake Tadala, linali losakoma. Ndathiramo majarini, shuga ndi mkaka, ana adya popita ku sukulu. Lina ndapatsa aneba a ku Romania, ali ndi khanda."

Nditawafotokozera anagwira pakamwa, kenako anagwira chitseko, kenako anakhala pansi pa masitepe n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndisanafike pa siteji ya basi foni yanga inayamba kulira, nkhani inali itafika kale ku gulu la amayi.

Ku Gorbals ana a yunivesite anandiyang'ana ngati ndafunsa za chakudya cha chaka chatha. "Mami, zija zinatha dzulo lomwelo. Kodi zilipo zina?" Abambo Mwale ndinawaimbira foni. Anati gawo lawo anapatsira mlamu wawo amene wanyamuka m'mawa womwewo kupita ku Malawi, kuti akalawitse anthu kumudzi zinthu za ku Japan. Ndiye kuti pamene ine ndinkathamanga mu Glasgow, phala la a Hiroshi linali m'mwamba, likupita ku Mzimba. Asanadule anafunsa ngati alendo anenapo kanthu za denga.

Ndinapulumutsa kathumba kamodzi ka phala ndi tiyi pang'ono. Ndinalowa mu shopu ya zakudya za ku Asia m'tauni. Mitengo yake inandiuza chifukwa chimene anthu anakokera sutikesi kudutsa dziko lonse lapansi. Phala lija munalibe. Ndinatola ma noodles a mapaketi ofiira poti zilembo zake zinkaoneka ngati zomwezo. Nditafika nawo kunyumba mayi Keiko anayang'ana paketi, anaona chithunzi cha nkhuku ikulavula moto, n'kuwerama. Anali a ku Korea, a tsabola woti ngakhale munthu wa chifu chathunthu amalira.

Ndinaika ndalama mu envulopu n'kugwada pamaso pa a Hiroshi. Anaibweza ndi manja awiri. Ndinaikankhanso. Anaibwezanso, akuwerama mpaka mutu kufika pa tebulo. Ine ndinatsika zedi, chigongono pansi. Iwo anatsika pa mpando n'kugwada nawo. Tikanapitiriza tikanakumba pansi mpaka kugwera kwa aneba a m'munsi. Ndalama sanalandire, ndipo Tadala anadzandiuza kuti pamenepo ndinawonjezera chipongwe pa chipongwe.

Apa munthu wanzeru akanaima n'kufunsa kuti kodi bamboyu angadye chiyani. Ine ndinaona nthawi ya basi ikuyandikira, ndinaona sutikesi yopanda kanthu, ndipo mtima wa Chimalawi unati mlendo sanyamuka wopanda kamba. Ndinatenga mandasi otsala paphwando, nkhuku yokazinga, mazira owiritsa ndi mtedza, n'kulongedza mu chidebe cha ayisikilimu. Za mafuta ndinazimva, inde. Koma ndinadziuza kuti mandasi anga ndi ofewa, aliyense amatero. Ndinawaperekeza ku siteshoni ndikulira, chidebe chili pa miyendo ya mayi Keiko.

Tadala anafika Lachitatu. Sanandipatse moni bwino. Tsiku lomwelo madzulo belu linalira, ndipo pakhomo panali alendo anga, amene ankayenera kubwera sabata yotsatira. A Hiroshi anali atatsamira khoma, masaya atalowa m'kati.

Nkhani yake inali yotere. Kathumba kamodzi kaja kanatha tsiku loyamba. Tauni ya m'mapiri imene anagona anafika mashopu atatseka. A Hiroshi, poti anaona mmene ndinalirira ku siteshoni, anati si ulemu kutaya chakudya cha mayi amene walira chonchi. Anadya ndasi limodzi ndi ntchafu ya nkhuku. Zimene zinachitika pa basi ya tsiku lotsatira mayi Keiko sanafotokoze, anangotseka maso. Anatsika panjira, anakaonana ndi dokotala, n'kugona mu hotela yoyandikira chipatala, ya mtengo umene ankauthawa kuyambira ali kwawo. Ndalama za sitima ya pamadzi ndi za pachilumba zinathera pamenepo. Chilumba chija anatsala pang'ono kuchiona. Akuti dalaivala anawalozera kumene chili, koma kunali nkhungu.

Ndinalowa m'khitchini n'kutseka chitseko. Tadala ananditsatira.

"Kulira sikuthandiza, mum. Akufunika adye."

"Adye chiyani? Phala lawo lili ku Mzimba."

"It's just rice porridge. Mpunga ndi madzi ambiri. Basi."

"Phala la mpunga? Lomweli?"

"Lomwelo. Osathira chilichonse. Chilichonse, mum."

Ine phala la mpunga ndinayamba kuphika ndisanathe msinkhu. Ku ntchito ndimaphikira okalamba opanda mano sabata iliyonse. Ndinatereka, manja akundiyabwa kufuna majarini, Tadala ataima kumbuyo kwanga ngati wapolisi. A Hiroshi analawa, anatseka maso, anamaliza mbale n'kupempha lina. Pa zonse zimene zinachitika, chimenechi ndiye chimandiwawa kwambiri. Ndinazungulira Glasgow yense, ndinagwada, ndinalira, pamene thumba la mpunga linali pansi pa sinki nthawi yonseyi. Ndikanangofunsa Lolemba lija, akananyamula mpunga ndi kapoto, n'kukafika.

Masiku otsala a tchuthi chawo anathera ku Springburn. Tangoganizani, munthu wasunga ndalama zaka, wakwera ndege tsiku lathunthu, kudzaona Springburn. Masana ena a Hiroshi akugona, ine ndi mayi Keiko tinakhala pa tebulo la m'khitchini, foni ili pakati. Ndinalemba kuti ndinkaganiza kuti ku Japan aliyense ndi wolemera. Anawerenga n'kuseka koyamba, kuseka kwenikweni, dzanja lili pakamwa. Anandilembera kuti penshoni yawo ndi yomwe ija koma mu shopu zinthu zikukwera mwezi ndi mwezi, kuti nsomba imene ankadya kawirikawiri tsopano amangoiyang'ana, kuti anzawo amene kale ankapita kunja pa tchuthi masiku ano amangokwera sitima kupita tauni yoyandikana n'kubwerera tsiku lomwelo. Anati mzinda wawo wadzaza alendo akunja amene akusangalala kuti zonse n'zotchipa, pamene eni ake akuwerenga mitengo kawiri. Ine ndinawalembera za kwathu, kuti ndalama imene ndimatumizira amayi anga ikafika imaoneka yambiri pa foni, koma ku msika imagula theka la zimene inkagula. Anagwedeza mutu. Pamenepo sitinafunenso foni.

Tsiku lina kutacha bwino tinakwera nawo ku paki ina ya pachitunda pafupi ndi nyumba yanga, pang'onopang'ono chifukwa cha a Hiroshi. Pamwamba pake mapiri a kumpoto amaoneka patali. Mayi Keiko anaima nthawi yaitali akuyang'ana, kenako anajambula chithunzi. M'chithunzicho mapiriwo akuoneka ngati kachingwe kobiriwira, kutsogolo kuli nyumba zosanja za khonsolo ndi bambo wina akutola za galu wake.

Ponyamuka ndinawagwira manja n'kunena kuti adzabwerenso, ulendo wa kuchilumba ndidzalipira ine. Tadala anamasulira. Mayi Keiko anati inde, inde, chaka chamawa. A Hiroshi anayang'ana nsapato zawo.

Chaka chamawacho ndi chino. Tadala amayankhula nawo. Akuti yen sinadzukebe, a Hiroshi ayamba ganyu yolondera pamalo oimika galimoto, ndipo tchuthi cha chaka chino anakhala pakhomo, kutsuka mawindo. Za ku Scotland satchulanso. Amangofunsa ngati mayi ali bwino, n'kuti awathokozere chifukwa cha phwando. Ndikanakonda akananditukwana. Ku tchalitchi ana a yunivesite akandiona amawerama n'kunena kuti "Kitchen? OK?", ndipo mayi Chirwa amafunsabe ngati ndingawapezere mfutso uja, akuti amuna awo anaukonda.

Mwina mukuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira, mopitirira. Mwezi watha kunabwera mlamu wanga kuchokera ku Blantyre, wadzera kuno popita kwa mwana wake ku Dundee. Anasiya chikwama chachikulu m'khonde, pafupi ndi hita yotenthetsera nyumba, n'kunena kuti, "Alamu, ichi chikhale pompa." Ndinati chabwino. Sindinachikhudze, sindinachinunkhize, posesa ndinkachilambalala. Patapita masiku nyumba inayamba kumveka ngati msika wa nsomba wa ku Limbe. Aneba anagogoda kufunsa ngati kwafa chinthu. Ine ndinangotsekula mawindo, katundu wa mlendo sindigwira. Mlamu atabwerera anatsekula chikwamacho akutseka mphuno. Munali usipa, chambo chowamba ndi masamba a chigwada, zonse mphatso zanga, zonse zitaola.

Panopa kumudzi konse akudziwa kuti amake Tadala anasanduka mzungu, zakudya za kwathu amanyansidwa nazo. Sindinadziteteze. Ndikanayambira pati?